Maso Achikasu a Luwiza

1

Ngati mumamvera wailesi chaka chatha, mwina munamvapo za mayi wa ku Mchinji amene anaulula nkhani ya chiponde chapoizoni. Ankamutchula kuti mayi wolimba mtima. Amayi a kumpingo anabwera kudzamuimbira nyimbo pakhomo, ndipo bungwe lina linamuitana ku Lilongwe kukamupatsa chikho chagalasi. Mayi ameneyo ndine. Dzina langa ndine Ireen, ndipo kuyamikiridwa kwanditopetsa.

Ndiyambire pa Lachiwiri lina m'mawa, m'chipatala cha pa Boma. Mwana wanga Luwiza, wa zaka zisanu, mwana yekhayo amene Mulungu anandipatsa, anali gone pabedi. Nesi wina wamtali, dzina lake Wezzie, anamutsegula chikope ndi chala, kenako anandiyang'ana.

"Mayi, chikasu m'masomu chayamba liti?"

"Sindikudziwa, anesi. Anali kumudzi kwa agogo ake, ku Mavwere. Ndakamutenga dzulo."

"Malungo tayeza, palibe. Koma taonani mimbayi, taonani mapaziwa. Adokotala akuti chiwindi chikulephera ntchito. Mwanayu wakhala akudya chiyani?"

"Zakumudzi basi. Achira, eti?"

Anakonza botolo la diripi, nalemba pakhadi, kenako anayankhula ngati akudziuza yekha.

"Sabata ino yokha talandira ana naini otere. Chodabwitsa n'chakuti onsewo ndi a ku Kapondo. Wanuyu ndi woyamba wochokera kwina."

Atangotchula Kapondo, ndinagwira chitsulo cha bedi kuti ndisagwe. Nesi anaganiza kuti ndi njala, anandiuza kuti ndikamwe tiyi.

2

Kuti mumvetse, ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono. Mwamuna wanga, Austin Chimkwita, ndinamupeza ali ndi njinga yakapalasa, sikelo imodzi ndi malaya awiri. Tinayamba kugula mtedza pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Mavwere. Iye anali ndi pakamwa, ine ndinali ndi mano. Ndikutanthauza kuti ndine mwana wa mlimi, ndipo ndikaluma njere imodzi ndimadziwa ngati mtedza wauma kapena ayi. Wouma umati khwa, wachinyezi umangofewa ngati mbatata.

Alimi ena amawaza madzi pamtedza kuti makoko afewe posenda, ena amawaza kuti ulemere pasikelo. Onsewo ndinkawagwira. Mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo chuku cha mtedza si chamasewera. Chimasiya poizoni m'kati mwa njere, ndipo poizoniyo safa ngakhale mukazinge mpaka mtedza ude. Amapita kukadya chiwindi. Ogula akunja amamuopa kwambiri, moti amayenda ndi makina awoawo oyezera.

Patatha zaka khumi ndi chimodzi, Chimkwita Agro inali ndi shedi yaikulu pa Boma, malole anayi, makina ogayira chiponde, ndi azimayi makumi asanu ndi limodzi osankha mtedza pamphasa. Mchimwene wanga wamng'ono, Enoki, tinamulemba udalaivala. Mtedza wathu unkafika mpaka ku Joni.

Sindinganame kuti Austin anasintha. Anali yemweyo kuyambira pansi pa mango paja. Sikelo yake inkawabera alimi, azimayi osankha ankawatsekera geti mpaka dzuwa kupendeka osawapatsa mpata wokayamwitsa. Ankawadyera anthu masuku pamutu, ndipo ine sindinaletse, popeza masukuwo tinkadyera limodzi. Nkhanza zake ndinayamba kuzitchula nkhanza tsiku limene zinaloza kwa ine.

3

Sheila anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi digiri, kagalimoto kofiira ndi zikhadabo zoti sangasende nazo ngakhale mtedza umodzi. Mtedza wa Chalimbana ndi mtedza wofiira sankausiyanitsa. Koma Chingerezi chake chinkatsetsereka pafoni, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi anali atakhala pampando wanga.

Austin anandiitanira mu ofesi ngati wantchito.

"Ireen, kampani yakula. Ikufunika anthu asukulu."

"Nanga bedi lathu, bambo a Luwiza? Nalonso lakula, likufunika anthu asukulu?"

"Usandiyankhule choncho."

"Kampaniyi tinaiyamba awiri."

Anatsegula dirowa, natulutsa pepala, nandiponyera patebulo. "Werenga, ngati ungathe. Dzina lako lili pati?"

Linalibe. Zaka zonsezo ine ndinkaluma mtedza, iye ankasaina mapepala. Anandiuza kuti wandipezera kanyumba kuseri kwa msika, ndipo ngati ndikufuna ndingakhale kapitawo wa azimayi osankha.

"Ukachoka pano udya chiyani? Fomu Thu yako ija?"

Ndinaitana ankhoswe. Anabwera atakwiya, anabwerera akumwetulira, aliyense atamangirira thumba la feteleza panjinga. Anandilangiza kuti banja ndi kupirira.

Ndinapirira. M'mawa uliwonse ndinkakhala pamphasa ndi azimayi amene kale ankanditchula madamu, ndikuona kagalimoto kofiira kakulowa pageti. Ena ankandimvera chisoni, ena ankatsinana. Sheila ankandipatsa moni wa ulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkandiwawa kuposa chipongwe. Ndinkamuda Austin ndi mtima wanga wonse, ndipo chidanicho ndinkagona nacho, kudzuka nacho, kupita nacho kutchalitchi. Makiyi a shedi anakhalabe m'chikwama mwanga, chifukwa palibe anakumbukira kundilanda.

4

Chaka chimenecho Austin anapeza oda imene ankailota moyo wake wonse. Kampani ina ya ku Joni inkafuna malole atatu a mtedza, ndipo ikakhutira inalonjeza mgwirizano wa zaka zisanu. Anasesa mtedza wonse wa ku Mavwere ndi Kapondo. Anaika nyumba ndi malole pachikole kuti akwanitse. Matumba anasanjidwa mu shedi mpaka kudenga, atafundidwa malona, akudikira woyeza wa ogulawo.

Woyezayo anafika sabata yomaliza ya Okutobala, kunja kukuotcha. Anali bambo wachete wa magalasi. Anyamata atavundukula lona woyamba, fungo linatimenya tonse, fungo la nsalu yonyowa imene yaiwalika m'ndowa. Bamboyo anabaya thumba ndi chitsulo chake, natsanulira njere m'manja. Zinali ndi ubweya wobiriwira.

Anabaya lachiwiri, lachisanu, lakhumi. Anagaya pang'ono, naika m'makina, nadikira.

"Bambo Chimkwita," anatero, "mtedza uwu ngakhale nkhumba musapatse. Muutenthe, ndipo a zaumoyo akhalepo potentha."

Austin anachita ngati wamisala. Anamugwira pakhosi Kefasi, bambo wachikulire amene ankasamala shedi, namumenya mbama pamaso pa tonse.

"Mwandipha, a Kefasi! Madzi alowa bwanji muno?"

"Bwana, denga silidontha. Mvula siinagwe n'komwe."

"Tulukani! Musadzapondenso pano!"

Kefasi anatola chipewa chake pansi natuluka osatembenuka. Ine ndinabwerera pamphasa. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Mtima unkavina m'chifuwamu, ndipo ndinachita kuluma mlomo kuti azimayi asaone. Ndinati basi, Chimkwita wagwa, abwerera panjinga yake yakapalasa, tione ngati zikhadabo zija zikakwere pakaliyala.

5

Ndinaiwala kuti munthu wadyera sagwa chagada. Mtedza sunatenthedwe. Kalata ya woyeza uja inalowa m'dirowa, ndipo patangotha masiku anayi makina okazingira anayamba kulira.

Panali bungwe lina limene linkafuna chiponde chothira m'phala la ana a sukulu za mkombaphala za ku Kapondo. Austin anawatumizira mabotolo atatu a chiponde cha mtedza wabwino kuti akayeze. Anayeza, anakhutira, anasaina. M'mabotolo ena onse munalowa zachuku zija.

Ndinamupeza Austin ataima pafupi ndi makina, akuuza anyamata kuti awonjezere shuga ndi mchere kuti kuwawa kusamveke.

"Bambo a Luwiza, mtedza umenewu ndi wakupha."

"Moto umapha chilichonse."

"Mukudziwa kuti chuku sichifa ndi moto. Ndinakuphunzitsani ndine."

"Iwe, ana akumudzi amadya nsinjiro za mtedza wowola tsiku ndi tsiku. Afa angati? Kasupuni kamodzi m'phala kangatani? Ukufuna banki inditengere nyumba? Tseka pakamwa, kasankhe mtedza."

Ndinatseka pakamwa, koma ndinatsegula foni. Ndinajambula matumba aubweya aja akukhuthulidwa m'makina. Ndinajambula kalata ya woyeza, tsiku lina Sheila atasiya ofesi yosakhoma. Ndinajambula mabotolo a chizindikiro chachikasu, pali chithunzi cha mwana akumwetulira.

Sabata yomweyo ndinamunyamula Luwiza kukamusiya kwa amayi anga ku Mavwere. Ndinati kumeneko n'kutali ndi fakitale, n'kutali ndi Kapondo, palibe chimene chingamupeze. Analira pondisiya, ine ndinamulonjeza nsapato zowala za Khirisimasi.

Tsiku lopereka chiponde ku Kapondo ndinapita nawo. Panali matenti, zokuzira mawu ndi atolankhani. Ana ovala zigamba anaimba nyimbo yothokoza Chimkwita Agro. Austin, ali mu suti yabuluu, anagwada pansi ndi kumwetsa kamtsikana kena phala ndi supuni, anthu akuomba m'manja. Kamtsikanako kananyambita milomo, kakufuna lina. Izonso ndinajambula.

Mukufunsa kuti bwanji sindinathamangire kupolisi tsiku lomwelo. Kukhoti anandifunsanso chimodzimodzi, ndipo ndinayankha kuti ndinkaopa mwamuna wanga. Woweruza anagwedeza mutu mondimvetsa. Yankho limenelo tilisiye kaye pomwepo.

6

Tibwerere kuchipatala kuja. Panali patadutsa masabata asanu chimusiyireni Luwiza kumudzi pamene amayi anandiimbira kuti mwana akusanza ndipo akungogona. Lachiwiri lomwelo masana, amayi anafika pa wodi ndi dengu pamutu, atakwera minibasi yoyamba imene anaipeza. Amayi anga, a Esitele, anali munthu wochepa thupi, wosayankhulayankhula, amene sanandimenyepo chibadwire.

Anamugwira Luwiza pachipumi, natsitsa dengu.

"Wadyako kanthu?"

"Akukana chilichonse, amayi."

"Ndabwera ndi chake chija. Ndikamuphikira kaphala, uona adya."

Anapisa m'dengu natulutsa botolo. Chizindikiro chachikasu, mwana akumwetulira.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangoona botolo likugubuduzika pansi pa mabedi, amayi atagwira dzanja limene ndinawamenya.

"Mwachitenga kuti chimenechi? Amayi, mwachitenga kuti?"

"Enoki," anayankha. "Popita ku Kapondo anadzera kumudzi, anatsitsa makatoni awiri. Anati n'zakampani ya alamu ake, mabwana sangaone."

Ndi mmene timachitira kwathu. Mwana akalembedwa ntchito pa chigayo, kwawo sikusowa gaga. Akamayendetsa lole ya shuga, amake samwa tiyi wosatsekemera. Ine ndemwe ndinkatsitsa matumba a mtedza pakhomo pa amayi zaka zonsezo, ndipo Enoki anaphunzira kwa ine. Ndinaganizira zonse, koma ichi chokha sindinachiganizire.

"Wadya chochuluka bwanji?"

"Amake Luwiza, mwana wa m'tauni uyu. Phala lathu ankalikana, ndiwo ankazikana. Ichi chokha ndi chimene ankakonda. M'mawa m'phala, masana pambatata, nthawi zina ankangokomba ndi chala. Anzake a pamudzipo ndinkawabisira, ndinati iwo anazolowera zakumudzi, ichi chikhale cha mlendo." Anandiyang'ana m'maso. "Kodi ndalakwa?"

Ana a ku Kapondo ankalandira kasupuni kamodzi patsiku. Luwiza wanga, chifukwa chokondedwa, anamaliza katoni ndi theka yekha.

7

Ndinathamanga wapansi kuchokera kuchipatala mpaka kupolisi, chitenje chikukwekwereka. Ndinaika foni patebulo ndi kuwaonetsa zonse. Pofika madzulo a zaumoyo anali atakhoma geti la Chimkwita Agro, ndipo magalimoto anali akuzungulira ku Kapondo kulanda mabotolo. Austin apolisi anamugwira m'mawa mwake pachipata cha malire, ali m'kagalimoto kofiira, akufuna kuolokera ku Chipata. Sheila analira kuti iye sankadziwa kalikonse, ndipo mwina ankanena zoona.

Ine zonsezo sindinazione. Ndinali pambali pa bedi, ndikupemphera mapemphero amene ine ndemwe sindinkawakhulupirira. Luwiza ankangogona. Akadzuka sankandizindikira, ankayankhula ndi anthu amene panalibe. Khungu lake linasanduka lachikasu mpaka m'zikhatho.

Lachisanu adokotala anati timutumize ku Lilongwe. Nesi Wezzie anakwera nafe mu ambulansi atanyamula botolo la diripi m'manja. Titadutsa pa Kamwendo, Luwiza anatsegula maso, ndipo kwa kanthawi anali iye weniweni.

"Amami."

"Ndili pano, mwanawe."

"Adadi abwera?"

"Akubwera, ali m'mbuyomu."

"Muwauze agogo asalire. Ine sindinawakwiyire."

Anatsekanso maso. Tikuyandikira pa Namitete, nesi anamugwira pakhosi, namvetsera pachifuwa nthawi yaitali. Kenako anagogoda pagalasi la dalaivala.

"Achimwene, musathamangenso. Tembenukani."

Tinamuika ku Mavwere Lamulungu. Ku Kapondo anaika ana awiri sabata yomweyo. Enoki sanadikire kuti manda akwiriridwe. Anavula jekete lake, nalisiya pampando, nalowera njira ya ku Zambia, ndipo foni yake siinalirenso mpaka lero.

8

Mlandu unatenga miyezi isanu. Ine ndinali mboni yoyamba. Zithunzi zanga zinaonetsedwa pakhoma, anthu m'khoti akulira. Austin anavomera mlandu ndipo anamupatsa zaka zambiri. Fakitale inagulitsidwa, azimayi makumi asanu ndi limodzi aja anabwerera m'makwawo opanda ntchito. Wailesi inayamba kunditchula mayi wolimba mtima.

Patapita miyezi iwiri, Austin anatumiza uthenga kuti akufuna kundiona. Ndinapita kuti ndikamuone atavala zoyera za akaidi, ndidyetse mtima wanga. Ndinapeza nkhalamba. Mimba yake inali itaphwa, tsitsi litachita imvi.

"Ireen, sindinakuitane kuti undikhululukire. Mwana wanga ndinamupha ndine, ndi ana a eni ake aja. Chimenecho ndifa nacho."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Muno munthu amakhala ndi nthawi yoganiza. Mtedza uja unalowa mu shedi utauma. Unauluma wekha, thumba ndi thumba, ine ndikuona. Denga linali latsopano. Mvula inali isanagwe." Anandiyang'ana. "Madzi anachokera kuti?"

"Kafunseni a Kefasi."

"A Kefasi analibe chifukwa."

Ndinaimirira, ndinakonza chitenje, ndinatuluka. Sanandiitanenso, ndipo sanauze munthu aliyense.

Ndiye ndikuuzani inu. Lamulungu loyamba la Okutobala, titatuluka m'tchalitchi, sindinapite kunyumba. Ndinkadziwa kuti mlonda wamasana amapita kukaonera mpira. Ndinatsegula shedi ndi makiyi anga, ndidakali ndi zovala za kutchalitchi, buku la nyimbo lili m'chikwama. Ndinakoka payipi yotsukira malole, ndinakwera pamwamba pa matumba, ndinavundukula malona, ndi kuthira madzi mzere ndi mzere ngati ndikuthirira dimba. Kenako ndinafundanso bwinobwino kuti kutentha kugwire ntchito yake. Ndinachita zimenezi Malamulungu atatu. Palibe munthu mu Mchinji yense amene akanadziwa kuwoletsa mtedza bwino kuposa ine.

Poizoni uja ndinamulima ndine. Austin anangokolola.

Mwina mukuti, komabe mayiyu sankadziwa kuti mwamunayo agaya chiponde. N'zoona, sindinkadziwa. Koma atayamba kugaya ndinadziwa, ndipo sindinkamuopa ngakhale pang'ono. Ndinaganiza mofatsa. Ndinaona kuti ndikaulula mabotolo asanachoke pageti, amulipiritsa chindapusa, apepesa pawailesi, chaka chamawa adzukanso ndi Sheila wake. Koma ana akadwala, ndiye kuti ndi ndende. Ndinasankha kudikira. Ndinadziuza kuti angodwala pang'ono, kutsegula m'mimba, kusanza, basi. M'mawa uliwonse ndinkadzera pachipatala, ndikucheza ndi amayi ogulitsa nthochi pageti, ndikufunsa mochenjera ngati kwabwera ana odwala ochokera ku Kapondo. Akati ayi, ndinkakhumudwa.

Kamtsikana kamene Austin anakamwetsa phala pamaso pa atolankhani kanali kamodzi mwa awiri aja. Dzina lake anali Agnes. Ndinaima mapazi asanu kuchokera pamene kanakhala, foni ili m'manja, ndikusamala kuti chithunzi chioneke bwino.

9

Amayi sanachirenso. Anasiya kupita kumunda, anasiya kupita kutchalitchi. Mtedza umene unali m'nkhokwe anaugawa wonse, ndipo akaona mwana akudya chilichonse ankatembenukira kukhoma. Achibale ankandiimbira kuti akungokhala pakhonde kuyang'ana dzanja lawo lamanja. Ine sindinkapitako. Anthu ankati ndawakwiyira, ndipo ndinawasiya aziganiza choncho.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndikuchapa, ndinamva odi. Anali amayi, atavala chitenje chawo cha ukwati wanga, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Ndinawatulutsira mpando. Sanakhale. Anagwada pafumbi, pamaso panga, anthu opita kumsika akuona.

"Amayi, dzukani! Mukuchita chiyani?"

"Ndisiye, amake Luwiza. Kholo siligwadira mwana, ndikudziwa. Koma ine ndakulakwira choposa mwambo." Anatambasula dzanja. "Unandisungitsa mwana mmodzi yekha. Ndinakuphera ndi dzanja ili. Ndinkamukakamiza, ndinkati idya ukule, amako akadzabwera adzakupeze wonenepa. Masiku anga atha, ndikumva m'thupimu. Sindikufuna kukakumana naye ndisanamve pakamwa pako. Ndikhululukire, mwana wanga."

Choonadi chinafika pammero. Chinali chapafupi, mawu ochepa chabe: amayi, si inu, ndine. Ndikanawanena, akanadzuka pafumbipo atapepukidwa. Akanandida, mwina akananditemberera, koma akanagona tulo. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona anthu ataima pamsewu. Ndinaganiza za ndende, za wailesi, za amayi a ku Kapondo akadzamva.

"Ndakukhululukirani, amayi," ndinatero.

Anaomba m'manja katatu, misozi ikutsika. "Zikomo. Zikomo, mwana wanga. Mulungu anandipatsa mwana wa mtima wabwino."

Ndinawaperekeza pokwerera minibasi. Anamwalira patatha masabata atatu.

10

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, ndipo musavutike kundilembera makalata a mavesi. Mavesiwo ndimawadziwa, ndinkawaimba ndikukoka payipi. Apolisi akawerenga, kanyumba kanga akukadziwa, kuseri kwa msika. Ndende sindikuiopanso, koma sindikuganiza kuti ingandichotsere kanthu.

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini. Ine ndikuti nthawi zina chimamulambalala mwiniyo, n'kukagwera amene anali pafupi naye. Ine ndili moyo, ndimadya, ndimasamba, anthu amandipatsa moni ndi manja awiri. A Kefasi amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu ndi dzina loipa. Enoki ali kwinakwake m'minda ya ku Zambia, akukhulupirira kuti anapha mwana wa mlongo wake ndi makatoni awiri.

Ndikudziwa kuti pakati panu pali wina amene analandidwa chimene anachikhetsera thukuta, banja kapena ntchito, ndipo pamene akuwerenga pano ali kale ndi pulani yake. Ukunena zoona, mnzanga, anakulakwira. Inenso anandilakwira, ndipo mpaka lero sindinganene kuti Austin anali munthu wabwino. Koma pulani yakoyo ili ndi anthu ena m'kati, amene sunawaone chifukwa maso ako ali pa mdani yekhayo. Ine ndinawaona n'kuwaona, ndipo ndinati si anga.

Chimene chimandidzutsa m'mawa uliwonse si nkhope ya Austin, ngakhalenso ya Luwiza, Mulungu andikhululukire. Ndi amayi anga ali chogwada pafumbi. Ndinali ndi mpata umodzi wochita chinthu chimodzi chabwino pa nkhani yonseyi, wowatula katundu amene sanali wawo, ndipo ndinadzisankha ndekha kachiwiri. Amayi analowa m'manda atasenza mlandu wanga, ndipo anapita akundithokoza.